Kavalo ndi bulu si ng'ombe: kuyeza ndi kuchiza matenda awo kuno ku Dedza ndi Ntcheu

Akavalo ndi owerengeka m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, koma abale awo abulu ndi ambiri, ndipo amakoka ngolo za kachewere, kabichi ndi matumba a chimanga kupita ku misika ya Lizulu, Tsangano, Bembeke ndi Chimbiya. Kwa dokotala wa ziweto awiriwa ndi a banja limodzi: mimba yawo ndi yofanana, ziboda zawo ndi zofanana, ndipo mankhwala amene amapha mmodzi amaphanso mnzake. Vuto ndi lakuti nzeru zathu za ziweto tinaziphunzirira pa ng'ombe ndi mbuzi. M'masitolo a zaulimi mwadzaza mankhwala a ng'ombe, dibi ndi wa ng'ombe, ngakhale goli limene timamangira abulu analisema poganizira linunda la ng'ombe. Kawirikawiri kavalo kapena bulu akafa atangolandira chithandizo, mukafunsitsa mupeza kuti anamuchiza ngati ng'ombe.

Kusiyanako kumayambira m'mimba. Ng'ombe ili ndi chifu chachikulu cha zigawo zinayi, imabzikula, ndipo mpweya ukachuluka imageya. Kavalo ali ndi chifu chimodzi chaching'ono chosapitirira malita 15, ndipo udzu umakagayikira kumapeto, m'matumbo aakulu amene amapindika kangapo n'kumachepa m'makona. Matumbo onse mutawatambasula angafike mamita pafupifupi 30. Mnofu wa pakhomo pa chifu ndi wothina kwambiri, umalola kulowa kokha, choncho kavalo sasanza. Chalowa chalowa, njira yake ndi ya kumbuyo basi. M'matumbo aakuluwo mumakhala tizilombo tothandiza kugaya udzu, ndipo mankhwala ena amene ng'ombe imawapirira amapha tizilomboto, kavalo n'kuyamba kutsegula m'mimba mpaka kufa.

Manambala amene dokotala akufuna

Uthenga wakuti "Adokotala, bulu wanga wangofooka, sakudya" suthandiza kwenikweni munthu amene ali kutali ndipo mafuta a m'njinga yake yamoto ndi owerengera. Iye akufuna adziwe ngati anyamuke pompano kapena mawa, ndi zoti aike m'chikwama. Mwini chiweto angathe kumuyankha m'mphindi khumi zokha.

Yambani ndi kutentha kwa thupi. Thermometer ya ku famase, yomweyi ya anthu, ndi yokwanira. Ipakeni Vaseline, imani pambali pa ntchafu osati kumbuyo kwenikweni, kwezani mchira, ilowetseni kotulukira ndowe masentimita anayi kapena asanu, muipendeketse kuti ikhudze mnofu. Ikalowa m'kati mwa ndowe imanama. Kavalo wamkulu wabwinobwino amakhala pa madigiri 37.5 mpaka 38.5. Bulu amatsikirapo, 36.5 mpaka 37.8. Apa ndi pamene ozolowera ng'ombe amaphonya: 38.5 pa ng'ombe si kanthu, koma pa bulu ndiye kuti thupi latentha. Chiweto chimene changomasulidwa pa ngolo chipume kaye theka la ola pa mthunzi musanachiyeze.

Kugunda kwa mtima mumakumva pansi pa nsagwada, pamene mtsempha umadutsa pa fupa kutsogolo kwa mnofu wa tsaya. Ukakuvutani, ikani khutu kapena dzanja pachifuwa kuseri kwa chigongono cha mwendo wakumanzere. Werengani kwa masekondi 15, muchulukitse kanayi. Kavalo amagunda ka 28 mpaka 44 pa mphindi, bulu ka 36 mpaka 52 kapena apo. Chiweto chikangoima chete koma mtima n'kumapitirira ka 60, musadikire kuti kuche. Nambala iyi ndi imene imanena zoona kuposa zina zonse pa matenda a m'mimba. Kupuma mumawerenga poyang'ana nthiti: kavalo ka 8 mpaka 16 pa mphindi, bulu ka 12 mpaka 28.

Kenako kwezani mlomo wa m'mwamba muone nkhama. Zikhale zofiirira pang'ono ndi zonyowa. Dinikizani ndi chala, muchotse: poyera paja pabwerere mtundu wake masekondi awiri asanathe. Nkhama zoyera ndi kuchepa kwa magazi. Zachikasu zikuloza ku chiwindi kapena ku matenda a nkhupakupa. Zofiira kwambiri kapena zabuluu, zouma, ndi chizindikiro chakuti poizoni wa m'matumbo walowa m'magazi, ndipo nthawi yatsala pang'ono. Pomaliza gunditsani khutu pa mimba kuseri kwa nthiti yomaliza, mbali zonse ziwiri. Mimba yabwino imalira mosalekeza. Mukamvetsera mphindi ziwiri kuli zii, muuzeni dokotala. Muuzeninso nthawi imene munaona ndowe komaliza, popeza kavalo wathanzi amachita ndowe kasanu ndi katatu kapena kupitirira pa tsiku.

Kulemera nako n'kofunika, chifukwa mankhwala onse amayendera makilogalamu. Pa kavalo, yezani ndi tepi kuzungulira chifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, muyezenso kutalika kuchokera pa nsonga ya phewa mpaka pa nsonga ya thako. Chulukitsani muyeso wa chifuwa ndi iwo wokha, muchulukitsenso ndi kutalika, mugawe ndi 11,880. Kavalo wa chifuwa cha masentimita 170 ndi kutalika kwa 150 amalemera makilogalamu pafupifupi 365. Masamu awa sagwira bwino pa bulu, amene ali ndi tchati chakechake, koma abulu athu ambiri amakhala pakati pa makilogalamu 100 ndi 150. Kuwapatsa muyezo wa ng'ombe yokoka ngolo ndi kuwawirikizira mankhwala.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaphetsa abulu ambiri, ndicho kupirira kwawo. Kavalo akamva ululu mudzi wonse umadziwa: amapalasa pansi, amagubuduka, thukuta lili kamukamu. Bulu amangoima payekha, mutu pansi, makutu atagwera m'mbali. Nthawi zina amaika mlomo m'chakudya n'kumachita ngati akudya koma osameza kanthu. Anthu amati waulesi kapena wamakani, n'kumuwonjezera chikwapu. Bulu wongoti ndwii chotere mumutenge ngati kavalo amene akugubuduka.

Kupotokola kwa m'mimba

Madokotala amakutcha colic, ndipo si nthenda imodzi koma chizindikiro cha mavuto angapo. Kuno kwathu kumabwera motsatira nyengo. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ziweto zimadya mapesi ouma ndi udzu wokhwima, zitsime zili kutali, ndiye chakudya chimaumbika pa kona ya matumbo n'kutseka njira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kuzizira kwa ku Dedza ndi ku mapiri a Tsangano kumachititsa ziweto kumwa pang'ono, mapeto ake ndi omwewo. Kavalo amafuna malita 25 mpaka 45 a madzi pa tsiku, bulu wogwira ntchito malita 15 mpaka 20, ndipo bulu amanyansidwa ndi madzi akuda, amalolera kukhala ndi ludzu. Mvula yoyamba ikagwa, msipu wanthete umadzaza mpweya m'matumbo. Madeya ambiri nthawi imodzi, makamaka chiweto chikathyola nkhokwe usiku, amawira m'mimba. Ndipo pa msika, bulu wosiyidwa tsiku lonse pafupi ndi dzala amameza majumbo onunkhira chipisi ndi nsomba, amene amakapotana ndi zingwe m'matumbo.

Mwini chiweto achotse chakudya chonse, asiye madzi okha, ayendetse chiwetocho pang'onopang'ono mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, achipumitse, abwerezenso. Kuchithamangitsa kuti ndowe zituluke kumangochitopetsa. Chachikulu: musachimwetse kanthu ndi botolo. Mafuta ophikira, mowa, madzi a sopo, zonsezi timaziona. Kavalo womukweza mutu mokakamiza sameza bwino, ndipo mafuta sakhosomoletsa monga achitira madzi, amangotsetserekera m'mapapo mwakachetechete. Mimba ikhoza kuchira, koma patapita masiku ochepa chibayo chosachizika n'kumutenga.

Dokotala akafika amalowetsa paipi yofewa kudzera m'mphuno mpaka m'chifu. Ntchito yoyamba ya paipiyo si kuthira mankhwala koma kuona ngati chifu chadzaza. Mukatuluka madzi onunkha opitirira malita awiri, ndiye kuti njira yatsekeka chakutsogolo, ndipo kuthiramo china chilichonse kungaphulitse chifu. Mukapanda kutuluka kanthu, amathira madzi ofunda osakaniza ndi mchere wa mankhwala, malita anayi mpaka asanu ndi limodzi pa kavalo wamkulu, awiri kapena kucheperapo pa bulu, n'kumabwereza pakapita ola limodzi kapena awiri mpaka chotsekacho chifewe. Ena amawonjezera liquid paraffin. Amenewa ndi mafuta oyera a ku famase, si parafini wa nyale, amene ndi poizoni. Pa kavalo wamkulu dokotala amalowetsanso mkono kumbuyo kuti akhudze pamene patsekeka kapena pamene matumbo asuntha.

Ululu amauletsa ndi flunixin, mamiligalamu 1.1 pa kilogalamu, kutanthauza mililita imodzi pa makilogalamu 45 ngati botolo ndi la mamiligalamu 50 pa mililita. Amabaya mu mtsempha wa pakhosi, osati mu mnofu, chifukwa mu mnofu nthawi zina amayambitsa chotupa chowola chodzaza mpweya. Asabwerezedwe maola 12 asanakwane. Mankhwalawa ndi amphamvu moti amabisa zizindikiro, choncho manambala aja alembedwe asanabayidwe. Chiweto chikayambanso kugubuduka pasanathe maola awiri chibayidwireni, mtima uli pa 80, nkhama zasintha mtundu, nthawi zambiri ndiye kuti matumbo apotana. Zimenezo zimafuna opaleshoni ya m'chipatala cha akavalo chokhala ndi zipangizo zimene kumudzi kulibe. Dokotala woona mtima amanena poyera kuti chatsala ndi kuchigoneka chiwetocho mosachizunza, ndipo ife tikuona kuti kumumvera n'kwabwino kusiyana ndi kugula jakisoni wachitatu ndi wachinayi usiku wonse.

Pa bulu pali msampha wina. Akakhala osadya masiku awiri kapena atatu, pa chifukwa chilichonse, thupi lake limasungunula mafuta ambiri nthawi imodzi, mafutawo n'kudzaza m'magazi ndi kuwononga chiwindi ndi impso. Dokotala akatenga magazi m'kabotolo n'kuwasiya kuti akhazikike, madzi a pamwamba amaoneka oyera ngati mkaka m'malo mokhala achikasu choonekera. Abulu onenepa, a bere ndi oyamwitsa ndiwo amagwidwa msanga, ndipo ambiri sapulumuka. Ndiye lamulo losala chakudya pa colic lisapitirire pa bulu: njira ikangotseguka, mpatseni msipu wobiriwira pang'onopang'ono, kapena chilichonse chimene amachikonda.

Mankhwala a m'khola la ng'ombe

Woyamba kuopedwa ndi amitraz, amene ali m'mankhwala ambiri a dibi ndi opopera nkhupakupa. Pa ng'ombe ndi wabwino kwambiri. Pa kavalo ndi bulu amaimitsa matumbo: chiweto chimaodzera, chimadzandira, ndowe zimasiya kutuluka, ndipo chikhoza kufa patapita masiku angapo. Werengani pa botolo musanapope, ndipo mpope umene munapopera ng'ombe muutsuke bwino. Chiweto chikapoperedwa mwangozi, chisambitseni msanga ndi madzi ozizira ambiri ndi sopo. Pa nkhupakupa za akavalo gwiritsani ntchito mankhwala a gulu la cypermethrin kapena deltamethrin, mutatsimikiza kuti sanasakanizidwe ndi amitraz.

Chakudya cha nkhuku zoyera nachonso n'choopsa. Nthawi zambiri mumakhala monensin kapena salinomycin woteteza anapiye ku matenda otsegula magazi, ndipo pang'ono pokha pamawononga mnofu wa mtima wa kavalo. Wopulumuka angathe kukhala wofooka mtima moyo wake wonse. Matumba a chakudya cha nkhuku asasungidwe kumene bulu angafikeko.

Ivermectin wobaya wa ng'ombe asabayidwe pa kavalo. Mankhwalawo ndi abwino, koma amwetsedwe pakamwa, mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu. Oxytetracycline wa LA, wokhalitsa m'thupi, amene alimi ambiri amamutenga ngati wochiza chilichonse, amatupitsa mnofu koopsa ndipo angayambitse kutsegula m'mimba kwakupha. Tylosin ndi lincomycin asayandikire n'komwe. Berenil, amene timamudalira pa ng'ombe, malire ake pakati pa kuchiza ndi kupha ndi aafupi pa akavalo, ndipo abulu amawawononga ubongo.

Wotsala wodalirika pa mabala ndi zotupa ndi procaine penicillin, koma muyezo wa pa botolo ndi wa ng'ombe ndipo umachepa. Kavalo amafuna mayunitsi 22,000 pa kilogalamu, kawiri pa tsiku. Ngati botolo ndi la mayunitsi 300,000 pa mililita, kavalo wa makilogalamu 400 alandire mamililita pafupifupi 30, bulu wa makilogalamu 130 alandire 10. Musapitirire mamililita 15 pa malo amodzi. Bayani pakati pa khosi, chikhatho chimodzi kutsogolo kwa phewa, pansi pa mzere wa manyenje koma pamwamba pa mafupa a khosi, amene amadutsa m'munsi kuposa m'mene ambiri amaganizira. Singano ikalowa, kokani kaye sirinji. Mukaona magazi, zulani mubaye pena. Penicillin woyerayu akalowa mu mtsempha, kavalo amanjenjemera, amadumpha mopenga, amagwa, nthawi zina osadzukanso.

Nthenda ya akavalo ya nyengo ya mvula

African horse sickness ndiyo imachititsa kuti kuweta akavalo kumwera kwa Africa kukhale kovuta chiyambire kale. Imayamba ndi kachilombo ka mitundu isanu ndi inayi, ndipo imafalitsidwa ndi tizilombo touluka totchedwa Culicoides, tating'ono kuposa udzudzu, timene timaswana m'dothi lonyowa la m'madambo, m'matope osakanikirana ndi ndowe ndi pansi pa zomwera zodontha. Timaluma kuyambira dzuwa likamalowa mpaka m'mawa, ndipo timachuluka mvula ikakhazikika mpaka kumapeto kwake. Kavalo sapatsira mnzake mwachindunji. Mwa akavalo osabayidwa katemera amene agwidwa, 70 mpaka 95 pa 100 aliwonse amafa. Abulu a ku Africa ndi mbidzi amatha kukhala ndi kachilomboka osadwala, kotero kavalo wogona pafupi ndi abulu athanzi sali pabwino monga zikuonekera.

Imabwera m'njira ziwiri zodziwika. Ya m'mapapo ndi yachangu: thupi limatentha kufika madigiri 40 kapena 41, kavalo amatambasula miyendo ndi khosi pofuna mpweya, amakhosomola, ndipo pomaliza thovu lambiri limatuluka m'mphuno. Angafe tsiku lomwelo. Ya mtima imachedwerapo: patapita masiku angapo thupi likutentha, timaenje ta pamwamba pa maso timafufuma, kenako zikope, masaya ndi khosi zimatupa. Amene wawona timaenje timeneti titadzaza sasokonezanso nthendayi ndi ina.

Mankhwala opha kachilomboka palibe. Chothandiza ndi kupumitsa kavaloyo kotheratu, ngakhale kumuyendetsa kupita kumtsinje ayi, ndi kuchepetsa kutentha kwa thupi. Katemera amachokera ku Onderstepoort ku South Africa, ali m'mabotolo awiri osiyana, ndipo lachiwiri limabayidwa patapita masabata atatu kapena kuposerapo, pansi pa khungu. Botolo limodzi lokha siliteteza mitundu yonse. Ndi katemera wamoyo, choncho akatenthedwa pa ulendo watha ntchito. Nthawi yake ndi yachilimwe ndi yozizira, Juni mpaka Okutobala, chaka chilichonse, kuti chitetezo chikhale chitakhwima mvula isanayambe. Pa masabata a katemera kavalo agwire ntchito yopepuka. Kupeza katemerayu kumafuna kukonzekera ndi dokotala miyezi ingapo, chifukwa si wopezeka m'sitolo ya pa boma. Pambali pa katemera, kavalo alowe m'khola maola awiri dzuwa lisanalowe, atuluke maola awiri litatuluka. Neti wamba wa udzudzu tizilomboti timadutsamo. Mazenera atchingidwe ndi shade net wothina wopoperedwa mankhwala, ndipo khola limangidwe kumtunda, kutali ndi dambo.

Nthenda ya nkhupakupa, piroplasmosis, nayo imatentha thupi nyengo yomweyo, koma nkhama zimayera kenako n'kukhala zachikasu, mkodzo nthawi zina n'kuda. Kumadera otentha a kumunsi monga Golomoti, Mtakataka ndi chigwa cha Bwanje nkhupakupa sizipuma. Dokotala amaboola nsonga ya khutu, amapaka dontho la magazi pa kagalasi, n'kukaona tizilombo m'kati mwa maselo ofiira. Mankhwala ake ndi imidocarb, mamiligalamu 2.2 pa kilogalamu mu mnofu, mwina kubwereza patapita tsiku limodzi kapena awiri. Amapotokola m'mimba ndi kutulutsa thukuta ndi malovu, choncho dokotala amayamba wabaya hyoscine wochepetsa kupotokolako. Abulu sachedwa kuledzera nawo mpaka kufa, ndipo uyu si jakisoni woti mwini chiweto aziyesa yekha.

Mabala, goli ndi kafumbata

Ng'ombe imakoka ndi khosi ndi linunda. Bulu alibe linunda, mphamvu zake zili pachifuwa. Goli la mtengo limakhala pa fupa la khosi lopanda mnofu wokwanira, limapekesa khungu tsiku ndi tsiku mpaka chilonda chosapola. Mungathire mankhwala a mtundu uliwonse, koma goli likabwerera mawa palibe chimene mwachita. Chofunika ndi lamba wotakata masentimita asanu kapena kuposerapo wodutsa pachifuwa, wa kanvasi kapena chikopa, wofunditsidwa nsalu yofewa, ndi kachishalo ka pamsana konyamula kulemera kwa mitengo ya ngolo. Mphira wa matayala ndi waya zimadula khungu likanyowa ndi thukuta.

Bala litsukidwe ndi madzi owiritsa ozizira othira mchere, supuni yaing'ono imodzi pa theka la lita. Metani ubweya wa m'mbali, tsukani kawiri pa tsiku, tetezani ku ntchentche. Oyilo wakuda wa galimoto, madzi a batire, phulusa ndi ndowe zimapha mnofu watsopano. Mabala a m'munsi mwa bondo amavuta pa akavalo chifukwa mnofu wofiira umakula kupitirira khungu, ndipo khungu silingakwere pamwamba pake. Bandeji yothina bwino imauletsa, koma ukakula kale dokotala amaudula. Umatuluka magazi ambiri koma suwawa, ulibe mitsempha ya ululu. Bala lakuya lofunika kusoka lisokedwe maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu asanathe. Bala laling'ono lomwe lili pa mfundo, likamatuluka madzi achikasu onanda, ndi loopsa kuposa lalikulu la pa ntchafu.

Pa ziweto zonse, kavalo ndi bulu ndiwo sachedwa kugwidwa kafumbata. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, timakonda bala lakuya lopanda mpweya, monga la msomali kapena la waya waminga. Patapita sabata imodzi mpaka itatu chiweto chimauma thupi, makutu ali njo, mchira utakwezeka, nsagwada zosatseguka. Mukachiomba m'manja pafupi, kachikopa ka m'kona ya diso kamatsetsereka n'kuphimba diso. Pofika apo ambiri sachira. Katemera wake ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi chiweto: jakisoni awiri otalikirana masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, wina patatha chaka, kenako zaka ziwiri zilizonse. Chiweto chosabayidwa chikavulala chilandire antitoxin, jakisoni wolimbana ndi poizoni wa kafumbata, mayunitsi 1,500, tsiku lomwelo. Pothena napo mpofunika kusamala. Chopanira cha ng'ombe sichigwira ntchito pa bulu, ndipo mpeni wa kumudzi umamupha ndi kutaya magazi, chifukwa mitsempha yake ndi yaikulu ndipo iyenera kumangidwa ndi ulusi chiweto chitagonekedwa ndi mankhwala.

Kutsimphina

Eni ziweto amakonda kuloza phewa, koma kutsimphina kwambiri kumachokera m'chiboda. Yendetsani chiweto pa malo olimba: mutu umakwera pamene mwendo wakutsogolo wopweteka ukuponda. Nyamulani chiboda, chotsani matope ndi timiyala, khudzani ngati chatentha kuposa chinzake, mumvenso mtsempha wa kuseri kwa kakolo ngati ukugunda mwamphamvu. Chiweto chimene dzulo chinali bwino lero n'kumakana kuponda, kawirikawiri ndi mafinya otsekeredwa m'chiboda. Dokotala amapana chiboda ndi chopanira kuti apeze powawa, amaboola pang'ono ndi mpeni wa ziboda, mafinya akuda n'kutuluka, ndipo mpumulo umaoneka nthawi yomweyo. Kenako chiboda chiviikidwe m'madzi ofunda a mchere mphindi 15 kawiri pa tsiku, chikulungidwe kuti dothi lisalowe. Penicillin yekha popanda kuboola sathandiza. Mukapeza msomali pakati pa chiboda ndipo dokotala ali pafupi, musauzule, aone yekha kumene walowera. Ngati ali kutali, zulani, muike chizindikiro pa malowo ndi pa msomali pamene unalekezera.

Ziboda za bulu zimamwa madzi kwambiri, ndiye khola la matope la mwezi wa Januwale limaziwoletsa, n'kumatuluka zakuda zonunkha m'mphako za pansi. Pakhale malo okwera ouma oti aziimapo. Ziboda zisengedwe masabata asanu ndi limodzi mpaka khumi alionse. Chiweto chimene chadya madeya kapena chimanga chambiri, mawa lake n'kuima chotsamira kumbuyo miyendo yakutsogolo itatambasuka, chili ndi laminitis, kutupa kwa m'kati mwa ziboda. Chiimikeni m'madzi ozizira msanga, chichotsereni madeya onse, chigone pofewa, ndipo chisakakamizidwe kuyenda.

Za mano ndi njoka za m'mimba sitichulukitsa. Mano a kavalo amakula moyo wonse, ndipo nsonga zakuthwa zimamera kunja kwa a m'mwamba ndi m'kati mwa a m'munsi. Mukaona timipira ta udzu wotafunidwa titalavulidwa pansi, kapena chiweto chikuonda chikudya, mano akufunika tupa, kamodzi pa chaka. Pa njoka, ndi bwino kuyezetsa ndowe kusiyana ndi kumwetsa mankhwala mwachizolowezi, chifukwa njoka zimazolowera mankhwala. Kuwola ndowe m'khola kawiri pa sabata kumachita zambiri kuposa botolo. Kavalo amene akukhosomola osasiya ndipo amadya msipu umodzi ndi abulu, ganizirani njoka za m'mapapo, zimene abulu amazisunga osadwala.

Chiweto chikasokonezeka mutu

Pokolola ndi potong'ola, chimanga chowola ndi cha chuku timachipatula, ndipo ambiri amachiponyera ziweto. Chuku cha mtundu wa Fusarium chimapanga poizoni wotchedwa fumonisin, amene pa kavalo ndi bulu amasungunula mbali ya ubongo. Patapita sabata kapena masabata angapo akudya, chiweto chimayenda mozungulira, chimakankha mutu pa khoma, chimachita khungu, milomo imalendewera, kenako chimagwa. Mankhwala palibe. Madeya ochokera ku chimanga chotere nawonso ali ndi poizoni yemweyo, ngakhale sakununkha.

Zizindikiro zomwezi zimafanana ndi za chiwewe, ndipo apa mpamene pali ngozi kwa anthu. Bulu wolumidwa ndi galu kapena nkhandwe angathe kukhala masabata kapena miyezi asanaonetse kanthu, kenako n'kuyamba kudziluma pa chipsera, kulira mosintha mawu, kutuluka dovu ndi kulephera kumeza. Anthu amaganiza kuti watsamwa chitsononkho, n'kulowetsa dzanja m'kamwa. Musatero. Mtsekereni payekha, itanani a vetenale, ndipo amene walumidwa kapena kukhudza malovu ndi dzanja la bala atsuke ndi sopo pa madzi ambiri mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Chiwewe ndi African horse sickness ndi matenda amene boma liyenera kudziwitsidwa, kudzera kwa mlangizi wa ziweto wa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera (EPA) kapena ofesi ya zaulimi ya pa boma. Kutsimikiza kwake kumachitikira ku labotale, ndipo yaikulu ya ziweto ili ku Lilongwe. Zoyezedwa zikafika zitawonongeka ulendo wonse wapita pachabe. Magazi a chiweto chamoyo atengedwe pamene thupi lili lotentha, m'kabotolo ka chivindikiro cha mtundu wa pepo kamene kamaletsa magazi kuundana. Pa chakufa, dokotala amatenga zidutswa za kapamba ndi mapapo, kapena mutu ngati akuganizira chiwewe. Zonse ziyende mu cooler box ya ayezi, zozizira koma zosaumitsidwa, zifike tsiku lomwelo kapena lotsatira, ndi kalata yofotokoza zizindikiro ndi mankhwala amene anaperekedwa kale.

Mtembo usasendedwe ndipo usatayidwe kutchire. Agalu amatenga African horse sickness akadya nyama ya kavalo wofa nayo. Chiweto chikafa mwadzidzidzi, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno ndi kumbuyo, chisatumbulidwe konse, chifukwa ikhoza kukhala anthrax, imene imagwiranso anthu ndipo mbewu zake zimakhala m'dothi zaka zambiri. Kumbani dzenje lakuya mamita awiri kutali ndi chitsime ndi mtsinje, mukwirire pamodzi ndi udzu ndi dothi lonse limene lakhudzidwa ndi magazi, muunjike miyala kapena minga pamwamba kuti agalu ndi afisi asafukule.